Imelo Yopanda "a Singano"

Telala anaimitsa makina, natenga foni yake. Imelo inabwera ndi dzina la mwana wake, uja anapita kunja kalekale n'kungoti zii.

"Amayi ake, mwana walemba. Akuti ndimutumizire nambala ya chiphaso ndi yachinsinsi ya kubanki, atikonzere ulendo tikamuone."

Mkazi wake anasiya simbi, navala magalasi, n'kuwerenga pang'onopang'ono. Kenako anabwerera pa mzere woyamba.

"Akuti 'Okondedwa Bambo.' Mwana uja anakutchulanipo bambo inu? Chiyambire kuyankhula, ndinu a Singano basi."

"Mwina wakula."

"Kukula kwake kopempha nambala yachinsinsi? Ndi akuba awa, bambo ake. Fufutani."

Telala anayang'ana manambala omwe anali atalemba kale m'yankho. Anawafufuta imodziimodzi, chala chikulemera ngati cha munthu wina. Atafika pa imelo yeniyeniyo, anaima.

"Iyi ikhale," anatero chapansipansi. "Sindiyankha ayi. Koma dzina lake lili pamwambapo, ndizilionako."

Mkazi wake anangoima n'kumayang'ana dzinalo, kumbuyo kwake simbi ikutentha malaya a eni ake.