Nambala Faifi Walowera pa Geti

Anzake onse anali atayamba kale kukwera mpanda wa bwalo, koma Onesimo, difenda watsopano amene timu inamugula ku Bangwe, analunjika pa geti.

"Iwe, bwerera!" anakuwa Fletcher, kaputeni wa timu, mwendo umodzi uli pamwamba pa waya. "Pagetipo adani athirapo mankhwala. Kuno timalumpha tonse."

"Ine sindilumpha, akulu."

"Kumbuyo timasewera anayi ngati munthu mmodzi. Ukadutsa pamenepo, chigoli chilichonse chidzera pa iwe. Masapota athu a ku Ndirande sunawadziwe bwino."

Onesimo anayang'ana pansi. Panali dzira losweka ndi timadzi takuda, ntchentche zikuzungulira. Anagwira kolona yake m'kati mwa jezi.

"Zokakamizana zinatha ndi riferendamu. Munanditenga kuti ndizitchinga golo, osati kukwera waya ngati mbava."

Anaponda dzira lija ndi jombo, nalowa. Masapota anayamba kumutukwana, wina anamugenda ndi chitsononkho. Iye sanacheuke. Anayenda mpaka kutsogolo kwa golo, pamalo pa nambala faifi, naima yekhayekha.

"A Fletcher," anaitana, "mukatsika mundipeza pano."