Mfuti ya Tupochele ndi Gwape wa ku Wicklow

Panali munthu wina ku Tyrrelstown, mu Dublin, dzina lake a Bonaventure. Nkhaniyi ndi ya mu 2010, nthawi ya recession, chuma cha dziko chitagwa, ntchito zomangamanga zitaima, anthu akuluakulu akuswera pa sofa ngati amphaka. A Bonaventure nawo anali pa sofa pomwepo.

Anali ndi mwana wamkazi wa zaka 17, Tupochele, wamanzere chibadwire. Bambo ake zimenezi zinkawanyansa. Kuyambira ali mwana, akatola chakudya ndi manzere ankamumenya kadzanjako.

"Iwe Tupo, dzanja limenelo ndi lakuchimbudzi. Usatichititse manyazi pamaso pa anthu."

Koma mwanayu anali ndi luso loombera mfuti. Ku kalabu yoombera ankabwereka mfuti ya anthu amanzere, ndipo amene anamuona amati ntchentche ikatera pa bolodi, iye ankafunsa kaye kuti aombere mwendo uti. Mlimi wina wachikulire wa ku Wicklow, a Ryan, ataona zimenezi anamulembera kalata yomulola kusaka agwape pamunda wawo. Agwape a kuno si athu aja ai, ndi aakulu ngati thole. Tupochele anadikira kalata imeneyo zaka ziwiri, ndipo popanda iyo analibe kwina kosakako.

A Bonaventure atamva za nyama, anadzuka pa sofa. Ku tchalitchi anauza aliyense kuti akonzeretu malo mu firiji. Kenako anatenga mwana uja kupita kushopu ya mfuti.

Wogulitsa, Gerard, anamuyeza Tupochele n'kunena kuti, "Bambo, mwanayu dzanja lake ndi lamanzere, diso lake lamphamvu ndi lamanzerenso. Mutengereni iyi, chokokera chipolopolo chili kumanzere."

"Ayi. Tipatseni ya anthu."

"Nayenso ndi munthutu, bambo. Mukamuumiriza phewa lamanja, azipinda khosi kufuna kuona ndi diso lamanzere. Nkhope iziyandikira galasi loyang'anira. Mfuti ikalira imakankha."

"Ineyo ndi amene ndinamubereka, osati inu. Kwathu agogo anga anapha njati ndi dzanja lamanja, kwinaku akusuta fodya."

Tupochele anati, "Adadi, chonde, mvetserani."

"Khala chete iwe. Mfuti ikuwongola imeneyi."

Anagula yamanja. Mapepala a apolisi ovomereza mfutiyo atatuluka, tsiku lina Loweruka m'mawa anapita ku Wicklow. A Ryan anawatsogolera kukwera phiri, kamvula kakuwaza. Posakhalitsa gwape uyo, waima poyera, akudya udzu. A Ryan anapita chapatali pang'ono kukaonetsetsa kuti kuseri kulibe nkhosa zawo.

Tupochele anaika mfuti paphewa lamanzere mwakachetechete. A Bonaventure anamutsina.

"Sintha. Ndati sintha!"

Mwana anasintha. Anapinda khosi ndendende monga ananenera Gerard. Phuu! Galasi lija linamumenya pansidze, magazi chuu kumaso konse. Chipolopolo m'malo mopita pamtima chinakalowa m'mimba mwa gwape.

Abale, nyama yolasidwa m'mimba siifa msanga. Gwape uja analira ngati mwana n'kuthawa, matumbo akulendewera, akukodwa m'minga. Anamutsatira maola atatu, Tupochele atamanga sikafu pamphumi. Panjira ponse panali zam'chifu zobiriwira, zosakanikirana ndi ndowe ndi magazi. Anakamupeza m'ngalande ya matope, akupumabe, akhwangwala atayamba kale kumujompha pabala ali wamoyo. Fungo lake, galu wa a Ryan anangonunkhiza kamodzi n'kubwerera yekha kugalimoto. Ena amati mpaka lero galuyo amadya kabichi basi.

A Ryan anafiira nkhope yonse. "Ndani wamuuza mwanayu kusintha phewa?"

A Bonaventure anati, "Ndi chikhalidwe chathu, bwana."

"Chabwino. Tengani mfutiyi, mumalize ndinu ndi chikhalidwe chanucho. Nyamayi ikuvutika."

A Bonaventure analandira mfuti. Anayandikira masitepe awiri, phazi linaterera pa thumbo, anagwa chagada m'zonyansa zija. Podzuka anasanza tiyi ndi buledi yense wam'mawa pa nsapato za a Ryan. Mdzukulu wa opha njati uja!

Tupochele anatola mfuti, anapukuta magazi m'diso, anaiika kumanzere. Anaombera kamodzi kokha, gwape anatsirizika.

Nyama yonse inali itaonongeka ndi ndowe, sanatengeko ngakhale kanthuli. A Bonaventure anabwerera atakhala pa mapepala apulasitiki, mawindo onse otsegula, m'chisanu cha mu November. Kuchipatala Tupochele anamusoka masitichi sikisi, ndipo dokotala anati galasilo likanatsika pang'ono diso likanapita.

Asanasiyane kumunda kuja, a Ryan anali atamuuza mtsikanayo kuti, "Iwe ulibe mlandu, mwana wanga. Koma lamulo limati uzisaka ndi wamkulu wokuyang'anira, ndipo wamkulu wako ndi ameneyu. Pamunda wanga sadzapondanso. Kalata ija ndabweza."

Atafika kunyumba, a Bonaventure anayamba zoti mfuti za masiku ano n'zokhota, mphepo inali yambiri, galu anasokoneza. Tupochele, amene masiku onse ankayankha makolo m'Chingerezi, tsiku limenelo anayankha m'Chichewa chomveka bwino kuti asaphonye liwu.

"Adadi, mfutiyo sungani. Munagulira phewa lanu."

Kuyambira pamenepo sanapitenso kukasaka.

Phunziro: Makolo, mwana wamanzere si wodwala ndipo safunika kuwongoledwa. Mukamamugulira chida, kaya ndi mfuti, sizasi kapena gitala, yezani dzanja lake ndi diso lake, osati manyazi anu, ndipo mverani odziwa ntchitoyo. Tumizani nkhaniyi m'magulu onse amene mulimo, makamaka kwa aja amamenya tiana m'manja pa nthawi ya chakudya.