Basi Yosanja ya kwa Chisepo

Modesta ankatsuka makapu pamene galimoto yoyera inaima kutsogolo kwa basi. Sanadzuke. Anangomangitsa mwana kumbuyo n'kupitiriza kutsuka.

Basiyo inali yosanja, yopanda matayala, itakhazikidwa pa njerwa m'mbali mwa msewu wopita kwa Chisepo. Agogo ake aamuna anaigula ili yakufa kale kuti azisungiramo fodya. Iwo atamwalira inasanduka khola la mbuzi, mpaka tsiku lomwe Modesta anabwerako ku ukwati ndi ana awiri ndi thumba limodzi la zovala. Anapala ndowe, anatseka mazenera osweka ndi zidutswa za malata, anazira pansi. M'munsi ankagulitsamo tiyi ndi mandasi. M'mwamba ankagonamo ndi ana.

Koma mawu pa basiyo anali a malume ake, a Enoki, ndipo masiku amenewo ankangokhalira kuyimbirana foni ndi munthu wina wa ku Blantyre. Modesta anazimvera kwa omwa tiyi, kuti munthuyo akusakasaka basi ina yomwe inaoneka m'kanema wakale. Nanga munthu angawotche mafuta kuchoka ku Blantyre kudzangoiona ndi maso? Akaipeza aikoka. A Enoki sanamuuze kanthu, nayenso sanafunse. Chibwerereni ku ukwati, awiriwa ankangopatsana moni.

Ndiye anachita zomwe akanatha. Dzulo lake, mlendoyo asanafike, anatenga mwala n'kupala manambala omwe anali pamwamba pa chitseko mpaka chitsulo chinayera. Pansi pa masitepe anapeza kachitsulo kosalala kodindidwa zilembo ndi manambala. Anakakanganula ndi chikwanje n'kukakaponya m'chimbudzi.

M'galimotomo munatuluka a Enoki ndi bambo wina waimvi, wovala jekete ngakhale dzuwa linali likuswa mtengo. Anati dzina lawo ndi a Felton. Anaima kaye akuyang'ana basiyo kuyambira pansi mpaka kudenga.

"Mayi, tabwerani muone," anatero potulutsa foni.

Modesta anapukuta manja n'kusuzumira. Chithunzi chinkanjenjemera, mitundu itasuluka. Basi yosanja inkakhota pamsewu wa m'tauni, mitu ya anthu ili mbwee m'mazenera a m'mwamba, mnyamata wowonda atalendewera pakhomo ndi chikwama cha matikiti.

"Wowondayo ndine," anatero a Felton. "Tilipo angapo omwe tinagwirapo ntchito m'mabasi amenewa. Taifunafuna iyiyi, taifunafuna."

"Yanu ndi yokongola," anayankha Modesta. "Yanga ndi khola."

A Felton anaizungulira basi ija pang'onopang'ono. Anawerenga mazenera, kenaka n'kuyang'ana pafoni. Anabwerera chafutambuyo mpaka mumsewu kuti aone bwino denga. Anasisita pamwamba pa chitseko pomwe panali poyera. Modesta ankawatsatira mwana ali kumbuyo, nkhope ili gwa.

"Maonekedwe ndi omwewo," anatero mlendoyo. "Koma zamtundu uwu zinalipo zambiri. Popanda nambala, anzanga sangandikhulupirire."

Analowa m'kati, anagwada pansi pa masitepe, jekete ikukhudza fumbi. Anapeza timabowo tinayi.

"Apa panali kachitsulo."

"Ine ndinaipeza choncho."

"Komatu mabowowa akuoneka atsopano, mayi."

"Munkagona mbuzi muno. Kafunseni mbuzizo."

"Iwe Modesta," anadzudzula a Enoki ali pakhomo, "uzilankhula bwino ndi alendo."

"Ndalakwa pati, malume? Afunsa, ndayankha." Anatembenukira kwa a Felton. "Agogo ankati anaigula kwa mwini esiteti wina wa ku Chipata. Ku Blantyre kwanuko siinapondeko n'kamodzi komwe."

Nthawi imene basiyo inkabwera a Enoki anali ku migodi, sakanatha kumutsutsa.

A Felton anadzuka movutikira, atagwirira chitsulo cha masitepe. Anakwera m'mwamba. Kumeneko anapeza mphasa, neti ya udzudzu, yunifolomu ya mwana itapachikidwa pa chitsulo chogwirira. Anakhala pampando umodzi womwe unatsala kutsogolo n'kumayang'ana mapiri kudzera pa galasi long'aluka. Anatsika maso ali ofiira.

"Ndinali ndi chikhulupiriro," anatero. "Pepani, takusokonezani pa malonda anu."

Apo mpamene Modesta anawathirira tiyi, wa mkaka, ndi mandasi awiri akuluakulu pambale. Ndalama anakana. Munthu wogonja samulipiritsa.

Galimoto itazimiririka m'fumbi, Modesta anamasula mwana, anamukhazika pampando wa dalaivala, n'kuima pakhomo la basi manja ali m'chiuno.

"Mwamva nokha, malume. Si yawo. Ine ndi anawa pano sitichoka. Wofuna kuikoka ayambe wandikoka ine."

A Enoki anakhala pa njerwa, anavula chipewa n'kuchiika pabondo.

"Ndamva," anatero. "Anthu aja sakoka basi, alibe n'poiika pomwe. Amaikonza pomwe ili n'kulemba ntchito woisamala, ndipo ine ndinali nditatchula iwe. Azibale anga anagwirizana kalekale zoipereka kwa ogula zitsulo, ine ndiye ndinawachonderera kuti ayambe adikira mlendoyu. Ogulawo afika Lolemba ndi makina odulira."