Chithunzi cha Eni ndi Suti ya Alamu

Panali munthu wina, mayi wosoka madiresi aukwati. Anali ndi kashopu ka chipinda chimodzi, galasi lalitali pakhoma, ndi makina awiri. Makina akuluwo anagulira ndalama za achimwene ake, ndipo anali asanamalize kubweza.

Alamu ake, mng'ono wa amuna ake, ankadziwa za makompyuta. Tsiku lina anafuna suti koma m'thumba munali mbee. Anagwirizana kuti mayiyo asoke suti, iwo akonze webusaiti ya shopuyo. Pachibale ndi mmene zimayendera, ntchito imalipira ntchito inzake.

Webusaiti inatuluka. Pamwamba penipeni panali chithunzi cha mkwatibwi atavala diresi la mchira wautali, lochititsa kaso.

"Alamu, diresi ili sindinasoke ine ayi," anatero mayiyo. "Chithunzichi mwachitenga kuti?"

"Aaa, alamu, inu ndiye mantha! Za pa intaneti zili ngati mchenga wamumsewu, aliyense amangotapa."

Mayiyo anangochisiya chithunzicho, poti makasitomala anali atayamba kuimba foni.

Patapita miyezi, kunabwera imelo. Wolembayo anati ndi wojambula zithunzi, chithunzi cha mkwatibwi chija ndi chake, ndipo achigwiritsa ntchito popanda chilolezo. Ankafuna malipiro.

Alamu aja anaseka. "Musayankhe. Akatopa asiya okha."

Koma mlandu suwola. Imelo yachiwiri inabwera, ndalama zitakwera, ndipo m'munsi mwake munatchulidwa khoti. Mayiyo atawerengera, anapeza kuti zikufanana ndi mtengo wa makina akulu aja. Anaimbira alamu, foni osayankha. Anaimbanso, yathima. Mwakachetechete anayamba kufunafuna wogula makinawo.

Tsiku limene wogulayo anabwera, azakhali a amuna ake analowa ndi siketi yoti awabwezere m'chiuno. Anapeza bambo wachilendo atagwada, akusuzumira kunsi kwa makina.

"Awa akufuna chiyani pamenepo?"

Mayiyo anaulula zonse, misozi ili mbwembwembwe.

"Bambo, dzukani, simugula kanthu lero," anatero azakhali. Kenako anatembenukira kwa mayiyo. "Iwe, ugulitse makina a ngongole kuti ulipire ngongole ina? Mlongo wako ukamuuza chiyani? Za makompyuta sindizidziwa, koma ngongole ndakalamba nazo. Sathawa, komanso salipira munthu wosamudziwa, poti akuba nawonso amatha kulemba makalata. Chotsa chithunzicho lero lomwe. Umuuze akuonetse kuti ndi chakedi. Akakuonetsa, vomera."

"Nanga ndikangopepesa?"

"Pepani sapoletsa chilonda, mwanawe. Koma mwano umachinyula."

Mayiyo anachita zomwezo. Mwana wake wamkulu anachotsa chithunzicho, ndipo iye analemba mwaulemu kupempha umboni. Wojambulayo anatumiza zithunzi zina za ukwati womwewo: mkwatibwi yemweyo akutsika m'galimoto, akuseka ndi amayi ake, akudula keke. Panalibenso chokana. Mayiyo anayankha kuti, "Ndalakwa, bambo. Ndalama zonsezo ndilibe, koma sindikuthawa. Shopu yanga ili pakutipakuti, bwerani tikambirane."

Anabweradi, bambo wa imvi, kamera ili m'khosi.

"Mayi, anthu amaganiza kuti chithunzi chimangogwa kumwamba," anatero. "Tsiku la ukwatiwo ndinaima kuyambira m'mawa, osadya. Inu munthu atavala diresi lanu n'kutuluka osalipira, mungamve bwanji?"

"Ndingamuthamangitse ndi sizasi."

Bamboyo anaseka mpaka kutsokomola. "Ndalemberapo anthu ambiri. Ena amanditukwana, ena amangoti zii. Woti ndalakwa ndakumana naye lero."

Anachotsa zonse zimene anaonjezera pa imelo yachiwiri, zotsalazo n'kuzidulanso, ndipo analola kuti azilipira pang'onopang'ono mwezi ukatha. Analemberana, aliyense n'kusaina. Potuluka anaima pa diresi limene linali pachidole pafupi ndi galasi, n'kuligwira m'mphepete.

"Ili mwasoka nokha?"

"Ndekha."

"Ndiye mukubisa ili n'kumaonetsa la eni? Mukamaliza ngongoleyi mundiitane, ndidzalijambule pamtengo wachibale."

Makina anapulumuka. Koma azakhali sanathere pomwepo. Lamlungu lotsatira banja linakumana kwa apongozi, ndipo alamu aja anatulukira atatchena suti ija, foni ikugwira bwinobwino.

"Yakukhala bwino," anatero azakhali. "Unalipira zingati?"

"Azakhali, paja ndinalipira ndi webusaiti."

"Webusaiti yako inabereka mlandu. Ndiye kuti sutiyi sunalipire. Usankhe wekha: utenge theka la ngongole ya wojambula uja, kapena uvule pompano."

Anthu anaseka, ana mpaka kugubuduka. Alamu anayang'ana kwa akulu awo, amuna a mayiyo, akuluwo n'kuyang'ana kudenga. Anavomera theka, ndipo mwezi uliwonse azakhali ankawakumbutsa tsiku lisanakwane.

Lero pa webusaiti ija pali madiresi a mayiyo okhaokha, ojambulidwa ndi bambo yemwe uja, chilolezo chili m'manja. Achimwene ake anabwezeredwa zonse. Ngongole imodzi yokha ndiyo mayiyo amati sadzaimaliza: azakhali akabwera ndi siketi, chikwama chawo sichitsegulidwa.

Phunziro: Chithunzi chilichonse chili ndi mwini, monga diresi lili ndi wosoka. Usatole cha eni popanda chilolezo. Akakulembera kufuna malipiro, usathawe ndipo usathamangire kulipira: chichotse, pempha umboni, ukalakwa vomera n'kukambirana, zikakukulira funsa loya. Ndipo thokoza amene akutsina khutu. Tumizirani nkhaniyi abale onse amene ali ndi malonda pa intaneti, osaiwala alamu odziwa makompyuta.