Kadontho Kowonjezera pa Galafu

Dzuwa litalowa ndinabwerera ku ofesi kukamaliza lipoti la ana a kusikelo. Tinali titayeza ana makumi anayi. Pa laputopu yanga, pulogalamu yojambulira magalafu inaonetsa timadontho makumi anayi, koma pa kompyuta yakale ya mu ofesi panali kamodzi kowonjezera.

Ndinaimbira alamu anga, amene amakonza nawo pulogalamuyo.

"Kwa ine kuno zili bwinobwino, alamu," anatero atatsegula fayilo yomwe ndinawatumizira. "Makina akale amatero. Mulembe vutolo mutitumizire. Kadonthoko kali pati?"

Ndinawerenga mokweza: miyezi isanu ndi iwiri, makilogalamu asanu ndi limodzi. Ndi zomwe analemba komaliza pa khadi la mwana wanga chaka chatha, kutatsala sabata kuti timuike m'manda.



"Tajambulaninso," alamu ananong'ona.

Ndinadina batani. Timadontho tonse tinabwerera m'malo mwake, koma kamodziko kanasunthira kumanja n'kukwera pang'ono. Tsopano kanali pa miyezi isanu ndi itatu, ndipo sikelo inali itakwera bwino.

"Ndiyambe kukonza usiku uno?" alamu anafunsa.

"Ayi," ndinayankha. "Musiyeni akule kaye."