Mfuko, Pusi ndi Mbande za Matimati

Padangokhalatu, anzanga, mayi Nkhanga ndi mwana wawo Nachisale, namwali wamawangamawanga. Mfuko ndi Pusi onse ankamufuna. Mayiwo anapatsa aliyense mbande imodzi ya matimati, nati, "Amene yake ipirire dzuwa la Okutobala, ndiye mkamwini wanga."

Pusi, mkulu wokonda kuoneka, ankangowaza timadzi pamasamba kuti aziwala. Mfuko ankakoka chigubu kuchokera kudambo, thukuta lili kamukamu, n'kuthira patsinde.

"Achimwene, kodi mukufunsira dothi?" anatero Pusi, mudzi wonse n'kufa nako kuseka.

"Sekani," anayankha Mfuko. "Ine kwathu n'pansi. Ndimationa timizu tonga ubweya tikuyamwa chinyezi, madziwo n'kukwera m'tsinde mpaka kumasamba mukuwazawo."

M'manja munatuluka matuza, koma Mfuko sanajombe ngakhale tsiku limodzi.

Pofika sabata yachitatu, mbande ya Pusi inali itafota, mutu uli zyoli. Abale, mwamuna wamkulu kugubuduka m'fumbi, ati amulodza!

Mayi Nkhanga anasisita masamba a Mfuko, ali biriwiri, nati, "Nachisale, kawaikireni madzi kubafa amuna anuwa."

Ine ndinachokako nthungululu zili mkati.