Mafupa a Lufeyo

Zaka zisanu zitakwana chimwalirireni, mafupa a Lufeyo anafukulidwa n'kuperedwa, monga lamulo linkanenera. Feteleza wa fosifolasi sankapezekanso, choncho wakufa aliyense ankabweza kunthaka fosifolasi wa m'mafupa ake. Mkazi wake, Nankhoma, analandira ufawo m'kamtsuko n'kukabisa kuchipinda. Chimanga chake chinamera chonyozoloka, masamba ofiirira m'mbali, koma kamtsuko kaja sanakakhudze.

M'mawa wina kunafika a Dziwani, akulu ake a malemuyo.

"Alamu, tadzatenga m'bale wathu," anatero atakhala pakhonde. "Kuno anali mkamwini chabe. Nafenso munda watopa."

Nankhoma anayang'ana kumunda, kumene mwamuna wake ankaunga mizere chaka ndi chaka.

"Anabwera kuno ali ndi zaka makumi awiri. Zina makumi atatu anadya za munda uwo. Ndiye mafupawa ndi a ndani, alamu?"

A Dziwani anaseka pang'ono, kenako anapukuta m'maso. "Miyendo yokha ija ndi ya kwathu. Inakhwima ndi phala la mawere la amayi."

Nankhoma anatulutsa kamtsuko, nawapungulira gawo lawo pampango woyera. Koma atafika kumunda ndi ufa wotsalawo, analephera kuuthira. Anangoima.

A Dziwani sanapitirize ulendo. Anathyola kamtengo n'kuyamba kuboola nthaka pambali pa phesi lililonse.

"Ine ndiziboola, inu muzithira," anatero.

Nankhoma anagwada, natsina ufa pang'ono.

"Tiyambire kumunsi," anatero. "Iye ankayambira kumeneko."